Ndodo ya Pamwamba pa Kabati

Al Furjan, Dubai
14 Okutobala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalata ino yakupezani muli nokha pakhonde, monga momwe ndinamupemphera amene wabwera nayo. Ngati pali wina pafupi, ipindeni kaye muyiike m'Baibulo lanu, siyithawa. Ine kuno ndili bwino ndithu. Kutentha kuja kwayamba kuchepa, moti m'mawa timatha kudikira basi ya kampani panja osachita kubisala kumthunzi wa khoma. Chifuwa chija chinatha, musamadandaule nacho.

Amene wakupatsani kalatayi ndi Hanifa, mnzanga wa ku Ntaja uja ndimakuuzani, amene timagona chipinda chimodzi ndi kugwira ntchito pamodzi. Akupita kwawo kutchuthi, ndipo wavomera kutsika pa Bawi chifukwa cha ine. Ndamuuza kuti afike Lachinayi masana, nthawi imene msuweni wanu a Florah amakhala ali ku Mvano. Mumulandire ngati mwana wanu, koma musavutike n'kumugwirira nkhuku, ali ndi ulendo.

Mukudabwa kuti masiku ano a foni munthu n'kulemba kalata ngati nthawi ya ku Joni. Chifukwa chake n'chakuti ndikaimba foni ija ndinakutumizirani, amayankha ndi a Florah. Amaigwira ndi iwo, amayankha mafunso ndi iwo, inu mumangooneka kumbuyo ngati mlendo. Tsono ine ndili ndi funso limodzi loti ndikufunseni inu nokha, lokhudza mmene mukukhalira pakhomopo. Koma ndikangolifunsa pano mundiyankha kuti zonse zili bwino, ndimakudziwani. Ndiye ndiloleni ndiyambe ndakusimbirani zimene zandichitikira kuntchito, kuti mudziwe kumene funsolo lachokera.

Mudandifunsa chaka chija kuti kodi okalamba amene timawasamalawa alibe ana. Ali nawo, Amayi. Ana awo ali m'maofesi a nyumba zitalizitali za ku Business Bay, amachoka m'mawa kubwera madzulo, ndiye makolo amawabweretsa kuno kuti tiziwasambitsa, kuwapatsa mankhwala ndi kuwayang'anira. Loweruka amabwera ndi maluwa ndi zidzukulu. Okalamba onse alipo makumi awiri ndi anayi. Aliyense amavala kabelu m'khosi, kokhala ngati batani la jasi pa chingwe. Akakadina, kumalira kuofesi ya anesi, ife n'kuthamanga. Kabelu kameneko mukakumbukire.

M'chipinda namba seveni munali amayi awiri a ku Lebanoni. Maina awo enieni sitiloledwa kuwatchula kunja, ndiye ndiwatcha Mama Nawal ndi Mama Souad. Ndi pachisuweni, bambo a wina ndi mayi a wina anali mimba imodzi, ndipo ana awo ndi amene anapempha kuti azigona chipinda chimodzi kuti asamasungulumwe. Mama Nawal ali ndi zaka eyite wani koma amayenda okha nga, amapaka milomo m'mawa uliwonse, pakamwa sipauma. Akandiona amati, "Yalla habibti, bwera kuno," ndiye kuti tiye wokondedwa m'Chiarabu, n'kundiponyera siwiti m'thumba la yunifolomu. Tonse tinkawakonda. Mama Souad ndi ofatsa. Anali aphunzitsi, koma sitiroko inawapha dzanja ndi mwendo wamanzere, ndiye amayenda pa njinga ya odwala.

Ine chipinda chimenechi ndinkachikonda kwabasi chifukwa chinkandikumbutsa kwathu. Ndikabweretsa chakudya, Mama Nawal ankatola zipatso za tende kapena kasitadi wa pambale ya anzawo n'kudya, uku akuseka kuti, "Uyu wanenepa kale, njinga ithyoka." Mama Souad nawo ankaseka. Nthawi zina ankawakankha pa njinga ija mpaka pakona, n'kuwatembenuzira kukhoma, amvekere, "Khala pomwepo, mwana wosamvera." Ankawatsina pamkono ngati momwe munthu amatsinira mwana wokondedwa. Katatu konse ndinapeza kabelu ka Mama Souad kali pamwamba pa kabati ya zovala. Nditafunsa, Mama Nawal anati, "Amasokosa nako, ndamulanda." Ine ndinkangokatsitsa n'kuwaveka, ndikuseka nawo.

Madzulo ndinkamuuza Hanifa kuti, "Aise, chisuweni chili paliponse, ngakhale Aluya ali nacho." Iye ankavomera. Ndipo m'buku lathu la lipoti, mmene timalemba momwe wokalamba aliyense waswerera, ndinkalemba kuti: adya, asangalala, asewera ndi msuweni wawo. Miyezi isanu ndikulemba zimenezo. Powasambitsa ndinkaona timabala takuda pamkono, koma ndinkati khungu la okalamba silichedwa kuda. Nazonso ndinalemba choncho, ndi dzanja langa lomwe lino.

Mwezi wathawu kunachitika ngozi ku mbali ya azibambo. Nkhalamba ina inakankha inzake pakhomo chifukwa cholimbirana mpando wa pafupi ndi TV, winayo n'kuthyoka nyonga. Akuluakulu a pantchito anaitanitsa munthu woti atiphunzitse, ati treningi ya masiku atatu ya mmene tingachitire okalamba akamazunzana okhaokha. Ife tinang'ung'udza, Amayi, chifukwa inkayamba tikaweruka shifiti ya m'mawa, miyendo ili phwii, basi yoyamba yobwerera kogona ku Jebel Ali n'kutisiya. Ndinkati kodi munthu wa zaka eyite angazunze ndani, mano omwe alibe.

Anabwera ndi mayi wina wamfupi wa ku Bulawayo, Sisitala Owami, nesi amene wagwira ntchito ya okalamba zaka zambiri. Salankhula mokweza, moti umachita kutchera khutu. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Tsiku loyamba anatifunsa kuti ndani anaonapo wokalamba akuzunza mnzake. Anakweza manja anthu awiri okha, aja anaona za pakhomo zija. Kenako anati, "Nanga ndani anaonapo wina akudya chakudya cha mnzake, kumukhalira pampando, kumukalipira, kulowa m'chipinda chake osagogoda, kumubisira zinthu?" Tonse manja m'mwamba, tikuseka. Iye anangoti, "Funso ndi lomwe lija, ndangolivula jekete."

Tsiku lachiwiri kunali sewero. Hanifa anafunda mpango n'kukhala gogo wankhanza. Mnyamata wina wa ku Chipata amene timagwira naye ntchito, Smart, anakhala pa njinga ngati gogo wodwala. Ine ndinali wantchito woti ndiwalekanitse. Hanifa atayamba kumukoka Smart khutu n'kumulanda kapu, mukudziwa chimene mwana wanu anachita? Ndinagwada, Amayi! Pa matailosi a ku Dubai, yunifolomu ili m'thupi, ndinagwada pamaso pa Hanifa, manja pamodzi, maso pansi, ndi kuyamba kuti, "Pepani agogo, mwina mwake, ngati n'kotheka, tikanapempha..." Smart anakuwa, "Iwe Tiwale, nizafa apa iwe ukali kugwada!" Anthu anaseka mpaka misozi, Afilipino ndi Amwenye omwe.

Sisitala Owami sanaseke. Anadikira phokoso lithe, n'kundifunsa, "Tiwale, wagwadira ndani?"

Ndinati, "Wamkulu, Sisitala. Kwathu wamkulu sitimudzudzula chilili."

Iye anati, "Chabwino. Nanga ali pa njingayo ndi mwana?"

Anapitiriza mofatsa kuti ulemu wathuwo ndi wabwino, ndipo ndi chifukwa chake okalamba amatikonda ife a ku Afirika, koma pakakhala akuluakulu awiri, wina akulira wina akuseka, ukakhala chete ndiye kuti wasankha kale woti umulemekeze. Anationetsa mmene tingachitire: kuima pakati pawo mosakalipa, kutchula dzina la wolakwayo n'kumupatsa chochita china, kumuchotsapo winayo, kumuyang'ana ngati wavulala, kenako kulemba zimene maso aona, osati zimene mutu waganiza.

Ine ndi pakamwa pangapa, mumandidziwa, sindinagonje. Ndinakweza dzanja ndi kunena kuti pali zina zimene mlendo angaziyese nkhanza pamene ndi chikondi. Ndinawafotokozera za chisuweni, kuti kwathu asuweni amatukwanana, kulandana nkhuku, kutchana mkazi wanga, mwamuna wanga, popanda mlandu. Ndinapereka chitsanzo cha chipinda namba seveni, ndikunyadira kuti ndikuwaphunzitsa anthu chikhalidwe.

Sisitala anagwedeza mutu nati, "Kwathunso ziliko zimenezo, ndimazidziwa. Tandiuza, msuweni wako akakulanda nkhuku lero, iwe umatani?"

Ndinati, "Mawa ndimakamulanda khasu."

"Ehe. Nanga pa miyezi imene wakhala ukulowa m'chipindamo, Mama Souad analandapo chiyani?"

Ndinafufuza m'mutu, siwiti imodzi yokha, liwu limodzi lobwezera, sindinapeze. Sisitala anati chisuweni chimakoma onse awiri akakhala ndi manja. Anawonjeza kuti tisamayang'ane munthu pamene akuseka, tizimuyang'ana nkhope kuseka kukangotha, pamene akuganiza kuti palibe akumuona.

M'basi tsiku limenelo ndinakhala pambali pa Hanifa. Ndinkaganiza za buku la lipoti lija, masamba onse aja a "asangalala, asewera". Ndinkaopa kuti ndikaulula andichotsa ntchito, ndipo kuno ntchito ikatha ndi viza yomwe yatha. Hanifa anati, "Ngati walakwa iwe, ndalakwa ndi ine, ndinkavomera. Tipite tonse." Mawa lake tisanayambe shifiti tinakagogoda kwa Sisitala. Ndinawauza zonse, za kabelu, za khoma, za timabala tija. Ndinkadikira kukalipiridwa. Iwo anati zakale zimene ndinalemba sitifufuta, ndipo abwana ayenera kuziona, koma lero ndilembe tsamba latsopano loona. Kenako anati, "Mama Souad ukawafunse ndiwe, chifukwa amakudziwa. Ine ndikhala panja pa chitseko."

Anandiphunzitsa kafunsidwe kake. Munthu umamufunsa ali yekha, kutali ndi amene ukumukayikira. Umakhala pampando wofanana naye, osamuimirira pamutu. Sumuikira mawu m'kamwa. Umafunsa funso limodzi, basi n'kutseka pakamwa pako, ngakhale chete atalike bwanji. Chomalizachi ndiye chinandivuta ine, mwana wa Nachisale wolongolola.

Nditawasambitsa Mama Souad ndinawapititsa kukachipinda ka maluwa, kumene kulibe anthu m'mawa. Ndinakoka mpando. Ndinati, "Mama, mukakhala awiri m'chipinda, ife titatuluka, zimakhala bwanji?" Anaseka kuseka kwawo kuja, amvekere, "Bwino, habibti, bwino." Lilime linkandiyabwa kuti ndinene kuti chabwino, tiyeni tikamwe tiyi. Ndinaliluma. Ndinangokhala, ndikuyang'ana manja awo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, Amayi, mwambi umenewu ndinaumvetsa tsiku limenelo. Panapita nthawi yoti munthu n'kusenda mbale ya mtedza. Kuseka kuja kunachoka pang'onopang'ono, ndipo nkhope imene inatsala ndinali ndisanaionepo.

Anafunsa motsitsa mawu, "Nawal akudziwa kuti ndili kuno?"

Ndinati ayi.

Analuma mkono wa diresi ndi mano n'kuukokera m'mwamba, poti dzanja linalo siligwira. Sindikufotokozerani zonse. Anali malo a zala, ena akale ena atsopano, mpaka kukhwapa kumene ine posambitsa ndinkangodutsako mwachangu. Anandiuza kuti kawiri konse ananyowetsa pogona akuliona belu lili pamwamba pa kabati, ndipo m'mawa mwake anatiuza kuti anagona tulo tofa nato. Mphunzitsi wa ana a anthu, Amayi, kunama chifukwa cha manyazi.

Ndinafunsa kuti bwanji sanandiuze. Yankho lawo ndi limene landilembetsa kalata ino. Anati, "Iwe unkaseka. Ndinaona kuti ukusangalala nafe, ndiye ndinkaseka kuti ndisakuchititse manyazi."

Ndinalira pamaso pa wodwala, chinthu chimene sitiloledwa. Iwo ndi amene ankandisisita ndi dzanja lawo limodzi lija. Kenako anandigwira mwamphamvu nati, "Koma musamulange. Amayi ake atamwalira tinkagona bedi limodzi, ine ndi iye. Alibe wina amene amamukumbukira ali mtsikana."

Ndipo sanalangidwe, chifukwa Sisitala anatiphunzitsanso kuti wozunzayo naye ndi wodwala wathu, tiyenera kufufuza chimene chikumudya. Adokotala atawayeza Mama Nawal anapeza kuti matenda oiwalaiwala anayamba kale, kungoti ankawabisa ndi nthabwala. Belu lija ankaliopa. Likalira, anthu ankabwera n'kuwatenga Mama Souad kupita nawo kubafa kapena kwa nesi, ndipo Mama Nawal ankaganiza kuti akupita nawo kuchipatala osadzabweranso, ngati momwe zinachitikira ndi amuna awo. Ndiye ankalibisa. Zimenezi sizichotsa mabala a pamkono paja, koma zinandithandiza kuti ndisawade.

Pano aliyense ali ndi chipinda chake, zoyandikana. Amakumana pa tiyi wa folo koloko m'chipinda chochezera, mmodzi wa ife ali pafupi. Dzanja la Mama Nawal likamapita kumbale ya anzawo, ndimaima pakati n'kunena kuti, "Mama Nawal, tandithandizeni kupinda timatawulo iti," ndipo amabwera. Sindigwadanso, koma sindikalipa. Anandinyanyala masabata awiri, siwiti zinatha, ankanditcha wapolisi. Dzana andiponyera imodzi m'thumba osandiyang'ana.

Tsiku loyamba m'chipinda chatsopano, Mama Souad anadina belu kakhumi ndi kamodzi. Ndikathamanga, ndinkawapeza ali phee, akuyang'ana pawindo. "Mukufuna chiyani, Mama?" "Palibe." Kachisanu ndi chiwiri ndinayamba kutopa, ndinati mwina kabelu kawonongeka. Iwo anati, "Sikanawonongeke. Ndimafuna ndione ngati kukubweradi munthu." Kuyambira pamenepo ndinkathamanga mokondwa, ndipo mawa lake anadina kawiri kokha.

Tsopano ndafika pa inu, Amayi.

Lamulungu lapitalo nditachoka kutchalitchi ndinaimba foni ya vidiyo. Anayankha a Florah monga mwa masiku onse, atavala juzi yobiriwira ija ndinakutumizirani inu nthawi yozizira. Ndinaiona kale m'thupi mwawo mwezi wa Juni, ndipo nthawi imeneyo ananena kuti, "Ndamulanda mkazi wangayu, iye amakhalira kuwotha dzuwa." Tinaseka tonse. Ulendo uno atakweza foni kuti ndikuoneni, ndinaona kumbuyo kwanu kabati ya mbale ija, ndipo pamwamba pake panali ndodo yanu. Ndinafunsa kuti ndodo ikutani kumwamba. A Florah anati, "Nkhalamba yakoyi ikufuna kumayendayenda ngati namwali, ndiye ndaibisira mwendo wachitatu." Iwo anaseka, inu munaseka mutagwira pakamwa, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinayamba kuseka. Koma potsanzikana a Florah anachedwa kudula foni. Inatembenukira kwa inu kanthawi kochepa, kuseka kutatha. Nkhope imeneyo ndinali nditaiona kale m'kachipinda ka maluwa.

Ndakhala ndikuwerenga m'mutu zimene ndinkazitaya ngati nthabwala. Ku Mvano munasiya kupita, akuti miyendo, chikhalirecho tchalitchi chili pongodutsa msewu ndipo ndi ndodo munkafika. Mwaonda, akuti mumasankha zakudya, inu amene simunasankhepo chakudya chibadwire changa. Ndikafunsa za mankhwala a BP amayankha ndi iwo. Kuyambira Isitala sindinamvepo inu mukuwabwezera ngakhale liwu limodzi, pamene kale pa maliro ndi pa maukwati inu ndi amene munkawathetsa mankhalu a Florah mpaka anthu kugwa ndi phwete. Chisuweni chanu ndinakulira nacho, ndimachidziwa mmene chimamvekera onse awiri akakhala ndi manja.

Ndiyenera kuulula mbali yanga. Amene anawapempha a Florah kuti adzakhale nanu mutadwala ndi ine. Achimwene a Grey ankati tikutengereni ku Zomba, ine ndinakana, ndinati Amayi sangasiye nyumba yawo ndi manda a Ababa, komanso pali ndani woposa msuweni amene anakula naye. Zitatheka ndinapuma, ndinati khalasi, nkhani yatha. Ndipo chifukwa choti maganizo anali anga, sindinkafuna kuona china chilichonse. Ndikamva kuseka pa foni ndinkati zili bwino, n'kubwerera kuntchito mtima uli m'malo. Ngati mwakhala mukuseka kuti ine ndisachite manyazi, pepani Amayi, pepani ndithu.

Mwina ndikulakwitsa. Mwina treningi yandilowa m'mutu moti ndikuona mabala paliponse, ndipo ndodo ija inangoikidwa pamwamba posesa. Ngati ndi choncho mudzandiseke, mudzawauze a Florah kuti mwana wanu wapenga ndi dzuwa la Aluya, ine ndidzakondwa kuposa wina aliyense. A Florah sindinawaweruze. Nawonso ndi munthu wamkulu, zaka sevente zinakwana, msana umawapweteka, ndipo ine ndinawasenzetsa mtolo wosamalira wodwala okha popanda wowapumuza, osawafunsako n'komwe ngati akutopa. Kaya pali chimene chikuwadya, tidzachifufuza mwaulemu. Sindidzawathamangitsa ngati galu, ndipo sindidzaitanitsa bwalo la abale kuti muchite manyazi. A Grey sindinawauze kanthu. Palibe chimene chichitike inu musanavomere.

Kwathu timati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ine ndakhala ndikudikira kuti mukamva kupweteka munena nokha. Sindinaganize kuti munthu angamve m'mimba ndodo yake ili pamwamba pa kabati.

Ndiye nali funso langa. Sindingathe kukoka mpando n'kukhala pafupi nanu, koma tayerekezani kuti ndakhala pamkeka pomwepo, maondo athu akugundana. Amayi, mukakhala awiri m'nyumbamo, alendo atapita, foni itadulidwa, zimakhala bwanji?

Musafulumire kuyankha. Ndaphunzira kudikira.

M'kathumba kamene Hanifa akupatseni muli zinthu ziwiri zoti zikhale zanu nokha. Choyamba ndi ndodo yopinda, ngati zimene timapatsa okalamba kuno. Ikapindidwa imalowa pansi pa pilo kapena m'chitenje, ndipo mukaigwedeza imadziwongola yokha. Chachiwiri ndi kafoni ka mabatani, kopanda vidiyo, kopanda chilichonse. Muli nambala imodzi yokha, yanga. Batani loti mudine Hanifa walipaka utoto wofiira wa m'zikhadabo kuti musalisowe. Mukalidina n'kuligwira pang'ono, kuno kulira, ndipo ine ndidzakuimbirani. Moto wake umakhala sabata yathunthu, ukatha mungawapatse amayi abusa akutchajireni, Hanifa awapempha podutsa. Mukamange pansonga ya chitenje, monga munkamangira makiyi a kabati tili ana.

Sisitala Owami ndinawaimbira foni n'kuwauza za inu nditangoona ndodo ija pamwamba pa kabati. Ndi amene anakandipemphera kwa abwana kuti ndiziyenda ndi foni m'thumba la yunifolomu ngakhale pa shifiti, chinthu chimene ena saloledwa. Akuti ndikupatseni moni, ndipo akuti munalera mwana wodziwa kugwada, chatsala n'kumuphunzitsa nthawi yoimirira.

Mundiperekere moni kwa amayi abusa ndi amayi onse a Mvano, muwauze kuti mpando wanu asaugawe. Moni kwa a Grey ndi alamu akadzabwera kumapeto a mwezi. Kwa a Florah moni wanga ndi shawelo yabuluu imene ili m'chikwama chachikulu, imeneyo ndi yawoyawo, kuti juzi ibwerere kwa mwini wake. Mukapita kumanda a Ababa ndi ndodo yatsopanoyo, mukawauze kuti Tiwale wayamba kumva, ngakhale mochedwa.

Inu Amayi, simukuyenera kukhala ndi mawu okonzeka kuti mudine batani lofiiralo. Mukhoza kudina n'kungokhala chete, ine ndidzakhala chete nanu mpaka mawu abwere. Mukhoza kudina popanda chifukwa, kungofuna kuona ngati kukubweradi munthu. Mukadina kakhumi ndi kamodzi, ndidzayankha kakhumi ndi kamodzi. Ndipo chilichonse chimene mudzandiuze, ngakhale mutachinena mukuseka, ine ulendo uno sindiseka nawo.

Ambuye akusungeni mpaka ndimve mawu anu, anuanu.

Ndine mwana wanu wotsiriza,
Tiwale